Momwe mungayezere nthawi yomwe mumakhala pansi: mumakhala pati, ndipo mumakhala ndi ndani?

Mwezi wathawu ndinapita kukayezetsa BP ndipo anamwino anandifunsa funso lomwe ndinaliona ngati lachibwana, akuti, "Bambo, pa tsiku mumakhala pansi maola angati?" Ine osaganiza n'komwe ndinangoti mwina anayi, poti ndimadziona ngati munthu woyendayenda, m'mawa ndimatsetsereka wapansi kukakwera minibasi, madzulo ndimakwera chitunda chomwecho pobwerera. Iwo anangomwetulira n'kundiuza kuti ndikawerenge bwinobwino. Nditawerenga kwa sabata imodzi ndinachita manyazi abale, maola anayi aja amakwana nsima ya masana isanafike n'komwe.

Koma chomwe chinandithandiza kwambiri si chiwerengero cha maolacho ayi. Chinali kudziwa malo omwe ndimakhala komanso anthu omwe ndimakhala nawo, chifukwa pamenepo ndi pomwe munthu umaona kukhala komwe ungasinthe ndi komwe sungakukhudze. Nayi njira yake, siifuna ndalama, kope la ana asukulu ndi bolopeni basi.

1. Yambani mwagwirizana nokha kuti "kukhala" ndi chiyani

Akatswiri a zaumoyo akamakamba za kukhala amatanthauza nthawi yomwe muli maso, mwakhala pansi, mwatsamira kapena mwagona chogona, thupi lisakugwiritsa ntchito mphamvu zambiri. Pa muyeso wawo wotchedwa MET amati zisapitirire 1.5, kutanthauza kuti thupi likungowotcha mphamvu pang'ono kuposa munthu amene akungopuma. Ndiye tulo ta usiku musawerengere. Koma ola lija mumagona pabedi mukuyendetsa chala pa Facebook musanagone, limenelo lilowe m'kope ndithu.

Wakabaza amene akupalasa njinga wakhala pa chishalo inde koma thukuta lili kamukamu, ameneyo sakuwerengedwa. Inu amene mwakhala pa kaliyala kumbuyoko mukuwerengedwa. Zina ndi zapakatikati, monga atelala opondaponda makina kapena amayi amene akuchapa atakhala pa kampando, zimenezo lembani koma muikepo kachizindikiro kuti manja kapena miyendo imagwira ntchito.

2. Jambulani mizere isanu m'kope

Tsamba limodzi tsiku limodzi. Mzere woyamba nthawi, kuyambira pakuti mpaka pakuti. Wachiwiri malo, ndipo apa musalembe "kunyumba" chabe, lembani pakhonde, pabalaza, kukhitchini, pamphasa pansi pa mtengo wa mango, m'minibasi, padesiki, pabenchi ya kuchipatala. Wachitatu anthu: ndekha, ndi ana, ndi akunyumba, ndi anzanga a kuntchito, ndi anthu osawadziwa. Wachinayi zomwe mumachita, kaya kudya, kusankha nyemba, kuonera mpira, kudikira. Wachisanu ndi womwe ine ndimaukonda, mungolemba chilembo chimodzi: S ngati munasankha nokha kukhala, K ngati munakakamizika.

Langizo laulere, mayina enieni a anthu musalembe. Kope limatha kugwera m'manja mwa wina aliyense, ndiye tangoganizani apongozi anu awerenge kuti "apongozi, maola atatu, K". Nkhani yake simungaimalize. Gwiritsani ntchito zilembo zomwe mukuzidziwa nokha.

3. Tcherani alamu, musadalire mutu wanu

Apa ndi pomwe anthu ambiri amaphonya. Mukadikira mpaka usiku kuti mukumbukire za tsiku lonse mulemba zabodza osadziwa, mukumbukira msonkhano wa ku ofesi chifukwa unali wotopetsa koma muiwala mphindi 40 zomwe munakhala m'minibasi pa siteji kudikira kuti idzaze, kondakitala akungoti "awiri otsala, awiri otsala" pomwe mipando inayi ili mbee. Ofufuza anaona kalekale kuti anthu akafunsidwa pakamwa amatchula maola ochepa kuposa omwe makina amapeza, ndiye si inu nokha.

Tcherani alamu ya pafoni kuti izilira ola lililonse kuyambira podzuka mpaka pogona. Ikalira, lembani za ola lomwe langothalo, mzere umodzi kapena iwiri, zisakutengereni kuposa miniti. Ngati ola lililonse likukuvutani, ikani maalamu asanu ndi limodzi pa nthawi zosiyanasiyana tsiku lililonse n'kumangolemba zomwe mukuchita pa nthawi yomwe yalirayo, mwakhala kapena mwaima, muli pati, muli ndi ndani. Njira yachiwiriyi siikupatsani maola enieni koma pakutha pa sabata chithunzi chimaoneka.

Kutchalitchi, kumzikiti ndi kumaliro foni ikhale chete chonde, mungoyang'ana wotchi pokhala ndi ponyamuka n'kulemba mukatuluka. Ine alamu inandilirira m'kati mwa ulaliki Lamulungu, amayi a mvano onse anatembenuka.

4. Chitani masiku asanu ndi awiri osadumphitsa, ndipo musadzikometsere

Loweruka ndi Lamulungu zisatsale, chifukwa kukhala kwa masiku amenewa n'kosiyana kwambiri ndi kwa m'kati mwa sabata. Loweruka muli ku chinkhoswe kapena ku ukwati kuyambira masana mpaka dzuwa kulowa, kapena mwakhala pa bawo, kapena mukuonera Bullets ndi Wanderers kenako mpira wa ku England mpaka usiku. Amayi amene akukalukitsa tsitsi ku saluni akudziwa okha kuti theka la tsiku limathera pa mpando umodzi.

Vuto lina ndi loti mukangoyamba kulemba mumayamba kudzionetsera, kuimaima pafupipafupi kuti kope lioneke bwino. Siyani zimenezo, sabata yoyamba ndi yongoona basi. Ndipo ngati sabatayo munayenda ulendo wa basi kuchoka ku Blantyre kupita ku Lilongwe kapena munagona pa mzere wa mafuta, lembani koma tsikulo muliike padera, lisasokoneze masiku wamba.

5. Funsani foni yanu ngati mboni

Pa mafoni ambiri a Android muli Digital Wellbeing, pa iPhone muli Screen Time, zonsezi zimaonetsa maola omwe mwathera pa WhatsApp, TikTok ndi zina. Yerekezani ndi kope lanu usiku uliwonse. Mukaona foni ikuti maola atatu pomwe m'kope mwalemba mphindi 30, dziwani kuti pali kukhala kwina komwe kwazemba. Amene anatsegula Timeline pa Google Maps akhozanso kuona nthawi yomwe anafika ndi kuchoka pa malo, ngakhale imadya batire ndi bandulo.

Ma apu owerenga masitepe ndi mawotchi a pamkono musawakhulupirire kwambiri pa nkhaniyi. Amadziwa kuti simukuyenda koma amavutika kusiyanitsa munthu amene waima ndi amene wakhala, ndiye mayi wogulitsa tomato amene waima tsiku lonse pa benchi lake akhoza kuoneka ngati anangokhala. N'chifukwa chake ofufuza amakonda kachipangizo kotchedwa activPAL komwe amamata pa ntchafu, ntchafu ikagona chopingasa kamadziwa kuti mwakhala, ikaima chilili kamadziwa kuti mwaima. Koma ngakhale kameneko sikangakuuzeni kuti munali pakhonde ndi agogo kapena mu bala ndi anzanu. Ena anayesapo kuvalitsa anthu kakamera ka pakhosi kodzijambulira kokha, monga SenseCam ya Microsoft, kuti aone malo ndi anthu, koma kwathu kuno kuyenda ukujambula aliyense osapempha ndi kuputa mlandu. Kope likadali mfumu.

6. Wonkhetsani katatu

Sabata ikatha khalani pansi, inde, khalaninso pansi, muwonkhetse. Koyamba potengera malo, maola onse a padesiki pamodzi, a m'minibasi pamodzi, a pabalaza pamodzi. Kachiwiri potengera anthu. Kachitatu S payekha, K payekha. Kenako tengani bolopeni yofiira muzungulize paliponse pomwe munakhala kupitirira mphindi 30 osanyamukako.

Ine ndinkaganiza kuti mdani wanga ndi ofesi ndi minibasi, ndipo zoona maola ake ndi ambiri, onse a K. Koma zozungulizidwa zofiira zazitali kwambiri zinali madzulo, pa sofa, mzere wa anthu utalembedwa "ndekha". Chodabwitsa n'choti nthawi zambiri sindinali ndekha m'nyumbamo, akunyumba anali pomwepo, ana anali pomwepo, koma aliyense maso pa foni yake moti polemba dzanja linkangolemba lokha kuti ndekha. Pomwe ndikakhala pakhonde ndi achimwene anga oyandikana nawo nyumba sindinkatha mphindi 20 osanyamuka, mwina kukatenga tiyi, mwina kuthamangitsa nkhuku pa ufa, mwina kuwaperekeza mpaka pa msewu.

7. Sankhani malo amodzi oti muyambirepo

Nkhani yoti kukhalitsa pansi kumavulaza si yatsopano. Mu 1953 dokotala wina wa ku Britain, Jerry Morris, anafalitsa zomwe anapeza pa anthu ogwira ntchito m'mabasi osanja a mu London, madalaivala omwe ankakhala tsiku lonse ankadwala mtima kwambiri kuposa makondakitala omwe ankakwera ndi kutsika masitepe kutolera ndalama. Basi yomweyo, msewu womwewo, kusiyana mpando. Bungwe la WHO mu malangizo ake a 2020 limati munthu wamkulu azichita zolimbitsa thupi zapakatikati, monga kuyenda ndawala, mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, komanso achepetse nthawi yongokhala. Silinaike nambala ya maola oti musapitirire, ndiye musavutike kusaka nambala yamatsenga, yang'anani zofiira zanu zija.

Za kumaliro zisiyeni, simungamaimirire pa siwa anthu atakhala ati chifukwa cha BP. Kukhala ndi agogo pamphasa kumvera nkhani zawo kusiyeninso, kumeneko ine sindingachotseko ngakhale miniti. Yambani ndi pomwe pali S, pali nthawi yaitali, ndipo palibe amene angakhumudwe mukanyamuka. Kuntchito mukhoza kuyankha foni mutaima, kapena kupita nokha pa desiki ya mnzanu m'malo momutumizira meseji ali chipinda chomwecho. Pa siteji, ngati minibasi ilibe anthu, dikirani panja mpaka iyambe kudzaza, bola mpando wa pawindo mwaugonja.

Ine ndinangosamutsa chaja ya foni kuchoka pafupi ndi sofa n'kukaiika pamwamba pa kabati kuchipinda, chingwe chake n'chachifupi moti ukafuna kuona WhatsApp batire ikatha uyenera kuima. Sabata ya mawa ndiyambiranso kulemba kuti ndione ngati zofiira za madzulo zafupika, ndipo akunyumba apempha kope lawo, akuti akufuna aone maola omwe amathera pondidikira kuti ndibwere kuchokera ku mpira.