Mwana akudwala kawirikawiri koma alibe kachilombo? Nayi njira yoyezetsa asilikali a m'magazi

Mwana wanga wamwamuna anagonekedwa katatu ndi chibayo asanakwane zaka ziwiri, ndipo khutu lake lamanzere linkangotuluka mafinya mwezi ndi mwezi. Nthawi zonse ankatiyeza HIV, ine ndi iye, zotsatira n'kukhala kuti tilibe, basi nkhani yachitetezo n'kuthera pomwepo. Kuno kwathu mukangoti chitetezo chatsika anthu amaganiza za kachilombo kokha. Koma alipo ana obadwa ndi asilikali a m'magazi ochepa kapena osagwira ntchito, ndipo amadziwika poyeza magazi mwa ndondomeko yake. Nayi njira imene ndinadutsa ine.

Choyamba, sonkhanitsani umboni. Tengani buku la kuchipatala la mwana, mulembe papepala limodzi tsiku lililonse limene anagonekedwa, matenda ake ndi mankhwala amene analandira. Dokotala wa pachipatala chodzaza alibe nthawi yowerenga buku lonse, koma pepala limodzi amaliwerenga. Funsaninso akuluakulu ngati kubanja kunamwalirako ana aamuna ali makhanda, makamaka kuchikazi, chifukwa ena mwa matendawa amadutsira mwa mayi n'kugwira anyamata okha. Ine nditafunsa amayi anga anakhala chete kaye, kenako anandiuza za mlongo wanga amene anamwalira ndisanabadwe, chifuwa chimenechi.

Chachiwiri, lolani ayeze zodziwika kale: HIV, malungo, chifuwa chachikulu, kunyentchera. Musakwiye kuti akubwereza. Mwana wosakwana miyezi 18 amafunika PCR, kuyeza kofufuza kachilombo ka HIV kenikeniko, osati kachipangizo kachangu kaja, popeza magazi ake amakhala akadali ndi chitetezo chochokera kwa mayi.

Chachitatu ndi FBC, kuwerenga zonse za m'magazi. Izi zipatala za boma zambiri zimapanga ulere makina akakhala bwino. Pemphani kuti papepalapo paoneke mitundu ya asilikali payokhapayokha, makamaka neutrophils ndi lymphocytes, osati chiwerengero chonse chokha. Munthu wamkulu asilikali onse amakhala pakati pa 4,000 ndi 11,000 m'kadontho kamene amayezako, koma musayerekeze mwana ndi wamkulu: khanda limakhala ndi ma lymphocytes ambiri kuposa inu, moti nambala imene kwa inu ndi yabwino kwa khanda ikhoza kukhala yotsika moopsa. Makina ena amasindikiza malire a akuluakulu papepala la mwana, ndiye funsani. Komanso ife anthu akuda ambiri timakhala ndi ma neutrophils otsikirapo, pansi pa 1,500, tili bwinobwino. Musathamange mtima ndi nambala imodzi. Yodetsa nkhawa kwambiri ndi ya ma neutrophils akatsika pansi pa 500.

Pano ndichenjeze. Pali anthu oyenda ndi timakina m'misika ndi m'maholo, amakugwiritsani kachitsulo m'manja, kompyuta n'kulemba kuti chitetezo chanu chatsika, kenako akugulitsani mabotolo a zowonjezera chitetezo. Palibe makina owerenga asilikali popanda kutenga magazi. Azakhali a mwanayu anatayako ndalama yokwanira thumba la chimanga.

FBC ya mwana wanga inatuluka yabwino, ndipo apa ndi pamene ambiri amasiyira. Pemphani kalata yopita kwa dokotala wa ana kuchipatala chachikulu, kaya ku Queen Elizabeth, Kamuzu Central, Zomba kapena Mzuzu. Iyeyo ndi amene angalembe zoyeza ziwiri zotsatira. China ndi ma immunoglobulin, IgG, IgA ndi IgM, zida zimene asilikali amtundu wa B amapanga. Chinacho ndi kuwerenga ma lymphocytes mtundu ndi mtundu: CD3, CD4 ndi CD8 amene ndi amtundu wa T, CD19 amtundu wa B, ndi CD16/56 amtundu wina wotchedwa NK. CD4 yokha imapezeka m'malo ambiri chifukwa cha ntchito ya HIV, koma ife tinkafuna gulu lonse, ndipo tinatumizidwa ku labu yolipira imene magazi ake inkawatumiza ku South Africa. Funsani mtengo m'malabu awiri kapena atatu, ndipo mufunse ngati ndalama yotumizira ili momwemo. Mitengo yake imatsata dola, moti kwacha itagwa mu Novembala 2023 zonse zinakwera.

Tsopano mvetserani bwino, pakuti apa ndi pamene ndinapsa. Magazi owerengera mitundu ya asilikali amathiridwa m'kabotolo ka chivindikiro chapepo, ndipo asilikaliwo amayenera kufika pamakina akadali amoyo, mkati mwa tsiku limodzi kapena awiri. Sawaumitsa, sawaika pa ayisi, sawasiyanso padzuwa. Ine zimenezi sindinkazidziwa. Ndinapita Lachisanu masana, nditaweruka kuntchito, malipiro atangolowa. Mwana analira, anamubaya kawiri chifukwa mtsempha unkathawa, ine nditamupanira pamiyendo, kabotolo kanadzaza theka. Ndinalipira, anandipatsa lisiti, palibe anandiuza kanthu. Magazi aja anagona pomwepo Loweruka ndi Lamlungu, ananyamuka Lolemba, kukafika Lachiwiri. Patatha milungu itatu ndikuimba foni tsiku ndi tsiku, anandiuza kuti anakanidwa chifukwa anali atakhalitsa. Milungu itatu imeneyo mwana anagonekedwanso. Ndalama yotumizira ndinalipiranso kachiwiri.

Ndiye musanalole singano, funsani mafunso awa maso ndi maso: katundu wanu amanyamuka tsiku liti, nthawi yanji? Afika liti kumene akayezedwe? Akakanidwa alipira ndani? Mupite m'mawa wa tsiku lonyamukalo, Lolemba kapena Lachiwiri, ndipo onetsetsani kuti sabata imeneyo kulibe holide kuno ngakhale ku South Africa. Yang'anani ndi maso anu kuti kabotolo kadzaza kufika pamzere, kuti akatembenuza pang'onopang'ono kangapo magazi asaundane, ndiponso kuti alembapo tsiku ndi ola. Sikuvutitsa anthu kumeneko. Ulendo wachiwiri ndinafika 7 koloko m'mawa Lolemba ndipo sindinachoke mpaka nditaona bokosi likukwezedwa pagalimoto. Magazi a immunoglobulin, a kabotolo kofiira kapena kachikasu, savuta chonchi, amapirira.

Uzaninso dokotala ngati mwana akumwa mankhwala a prednisolone, ngati wangothiridwa kumene magazi, kapena ngati thupi latentha tsikulo, popeza zonsezi zimasokoneza manambala. Kusala kudya sikofunika, mwana ayamwe, amwe madzi ambiri mitsempha ioneke.

Zotsatira zikabwera zijambuleni pafoni, pepala lenileni mupite nalo kwa dokotala yemwe uja. Musaziwerenge nokha pa intaneti usiku. Za mwana wanga zinaonetsa IgG yotsikitsitsa ndipo asilikali amtundu wa B pafupifupi kunalibe, nchifukwa chake anayamba kudwala atapitirira miyezi sikisi, chitetezo chimene anatenga kwa ine chitatha. Nthawi zambiri amabwereza kuyeza asanatsimikize. Palinso zina monga DHR, yoona ngati ma neutrophils akupha tizilombo, ndi kuyeza za chibadwa, koma zimenezo adzakuuzani okha zikafunika.

Mukakhala ndi pakati pena, nenani kusikelo msanga kuti kubanja kuli vutoli, kuti dokotala aunike kaye mwana wobadwayo asanalandire BCG, katemera wa chifuwa chachikulu, ndi katemera wa poliyo wodonthezera mkamwa, chifukwa akatemera awiriwa ali ndi tizilombo tamoyo.