Kumana mtsikana woyembekezera chakudya sikuchepetsa mutu wa mwana

Ino ndi nyengo yokolola ndipo chakudya chilipo m'makomo, koma m'mabuku a kusikelo a atsikana oyembekezera amene ndikukumana nawo ndikupezamo chinthu chimodzimodzi: mwezi ukutha, wina n'kubwera, sikelo osakwera. Ukafunsa za mapiritsi owonjezera magazi, amakutulutsira ali momwe anawalandirira. Poyamba amati akumaiwala. Ukakhala nawo pansi bwinobwino ndi pamene zimadziwika kuti akuluakulu a pakhomo ndiwo anawaletsa. Ati mtsikanayu ndi wamng'ono, chiuno chake n'chopapatiza, akamadya kwambiri n'kumamwanso mankhwalawo mwana akula mopitirira muyeso ndipo adzakanika kutuluka. Ndiye akumugawira pang'ono, ndipo akapempha kuwonjezera akumukalipira.

Mantha a akuluakuluwa ndikuwamvetsa. Mafupa a m'chiuno amachedwa kukhwima, amapitirizabe kukula msinkhu utasiya kale kutalika, choncho n'zoona kuti mtsikana wa zaka 14 kapena 15 angathe kuvutika pochira. Koma njala si mankhwala a vuto limeneli, ndipo ndatopa n'kumva agogo ndi azakhali akulankhula ngati mimba ndi thumba loti ukaikamo pang'ono lituluka mosavuta.

Chimene chimakanirira panjira ndi mutu wa mwana. Tsono chakudya chikachepa, thupi limayamba lateteza ubongo wa mwanayo, magazi ambiri n'kumapita kumutu. Chimene chimaonda ndi manja, miyendo, mimba ndi mafuta a pansi pa khungu. Mutu umachepa pang'ono chabe. Izi zinaoneka poyera ku Netherlands pa njala ya m'nyengo yozizira ya 1944 mpaka 1945, nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ili kumapeto. Anthu kumadzulo kwa dzikolo ankalandira chakudya chosakwana theka la chimene munthu wamkulu amafunika patsiku. Amayi amene njalayo inawapeza mimba ili kumapeto anabereka ana opepuka ndi magalamu pafupifupi 300 okha. Njala yopha anthu, magalamu 300! Nanga inu mukamachotsera mtsikana chipande chimodzi mukuganiza kuti muchepetsa chiyani? Ana a nthawi imeneyo madokotala anawatsatira mpaka atakula, ndipo anapeza kuti mavuto a shuga, komanso matenda a mtima mwa amene njala inawapeza mimba ikungoyamba, anali ochuluka kusiyana ndi anzawo obadwa nthawi ya chakudya.

Wolipira woyamba ndi mtsikanayo. Mayi wa zaka 25 akudyera anthu awiri, mmodzi amene akukula ndi wina wokula kale. Mtsikana wa zaka 15 akudyera anthu awiri amene onse akukula, ndipo akulimbirana chakudya chomwecho. Kafukufuku wina wa kumidzi ya ku Bangladesh, amene anatuluka mu 2008, anaonetsa kuti atsikana amene anatenga mimba anasiya kutalika, pamene anzawo a msinkhu womwewo ankapitirirabe kukula. Kumuchepetsera chakudya ndiye kuti mukuimitsa kukula kwa mafupa omwe aja mukuwadandaula kuti ndi aang'ono.

Kenako magazi. Pa nthawi ya mimba magazi a m'thupi amawonjezeka ndi pafupifupi theka, ndipo magazi amenewo sapangika popanda ayironi, amene amapezeka m'zakudya ndi m'mapiritsi aja. Atsikana ambiri amatenga mimba magazi ali ochepa kale chifukwa cha kusamba ndi kukula msanga. Muyeso wa magazi ukatsika pansi pa 11 kwa woyembekezera, achipatala amati magazi achepa. Ukatsika pansi pa 7 ndiye zafika poopsa. Aliyense wochira amataya magazi. Wamagazi okwanira amataya n'kudzuka. Amene wafika kuchipatala zikope ndi zikhatho zili mbuu, akupuma movutikira akangoyenda pang'ono, kutaya komweko kungathe kumutenga. Ndipo kutaya magazi pochira ndi chimene chimapha amayi ambiri padziko lonse kuposa vuto lina lililonse la uchembere. Mapiritsi amene mukubisawo ntchito yake ndi imeneyi. Sanenepetsa mwana mpaka kukanika kubadwa.

Ndikufotokoza zimenezi pamsonkhano wina, bambo wina woweta ng'ombe anandidula mawu. "Alangizi, zimenezo ine ndinaziona m'khola." Anati ng'ombe yake yaikazi inakweredwa isanakhwime, nkhunzi ya mnzake itathyola mpanda usiku (apa anatalikitsa kwambiri za mpandawo, ndi za mnzakeyo amene mpaka lero sanapepese). Poopa kuti thole likula kwambiri, anayamba kuidyetsa pang'ono. Tsiku lobereka anachita kukoka ndithu, tholelo linatuluka lofooka, mayi wake osadzuka, mkaka osatuluka, ndipo ng'ombeyo siinakulenso. Ena anaseka, amayi ena anakwiya kuti mwana wa munthu samuyerekezera ndi ng'ombe. Ine ndinangomusiya amalize, chifukwa anthu anamumvetsera kuposa momwe ankandimvetserera ine.

Mwana wobadwa wosakwana makilogalamu 2.5 si mwana "wosavuta". Amazizidwa msanga, amatopa akamayamwa, matenda amamugwira mosavuta, ndipo ndi amene kawirikawiri amadzapinimbira. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limanena kuti ana obadwa kwa atsikana a zaka 10 mpaka 19 ali kale pachiopsezo chachikulu chobadwa opepuka kapena masiku asanakwane, ndipo atsikanawo ali pachiopsezo chachikulu cha kuthamanga kwa magazi kofika pokomoka ndi kuphupha, poyerekeza ndi amayi a zaka 20 mpaka 24. Atsikana pafupifupi 12 miliyoni a zaka 15 mpaka 19 amabereka chaka chilichonse m'maiko osauka ndi otukuka kumene. Vuto lilipo kale lokwanira, sitifunika kuliwonjezera ndi manja athu.

Pali chinanso chimene makolo sanena poyera. Nthawi zina kumana chakudyaku kumakhala ndi mkwiyo m'kati: wasiya sukulu, watichititsa manyazi, amve kuwawa. Mkwiyowo sindikutsutsa, koma mbale si malo oulankhulira. Amene mukumulanga kumeneko ndi mdzukulu wanu, amene sanalakwe kanthu.

Za chochita, zambiri mukuzidziwa. Ayambe sikelo mimba isanapitirire masabata 12, osadikira kuti ionekere. Kuyambira 2016 WHO imalangiza kuonana ndi achipatala kasanu ndi katatu. Mapiritsi a ayironi ndi foliki asidi amwe tsiku lililonse. Akamamuchititsa nseru amwe madzulo atadya, ndipo chimbudzi chikada musadabwe, ndi mmene amachitira. Asamwere tiyi kapena khofi, chifukwa zimalepheretsa ayironi kulowa m'thupi. Chipatso chowawasa ndiye chimathandiza. Adye katatu patsiku ndi kena kake pakati, miyezi yomalizira awonjezere: nyemba, mazira, nsomba, nyama ikapezeka, masamba obiriwira, mkaka. Amene thupi lake linali labwinobwino amayenera kukwera makilogalamu pafupifupi 12 mimba yonse, ndipo pa amenewo mwana ndi atatu okha kapena kupitirira pang'ono, otsalawo ndi magazi, madzi, nsengwa ndi mphamvu zodzayamwitsira. Nkhani ya chiuno chopapatiza yankho lake ndi kukachirira kuchipatala chimene chimatha kupanga opaleshoni, ndipo mayendedwe muwakonzeretu mwezi usanakwane. Mutu ukamamupweteka kwambiri, akamaona chidima, nkhope ndi manja zikatupa, akamataya magazi kapena mwana akasiya kugunda, pitani naye tsiku lomwelo, ngakhale usiku.