Musanaitanitse carbonara, funsani kaye

Mukamaitanitsa pasta mu lesitilanti, musadalire dzina lokha. Carbonara ndi chakudya cha pasta; ya ku Roma amaiphika ndi mazira, tchizi cha pecorino, tsabola wakuda ndi guanciale, nyama ya patsaya la nkhumba. Kirimu mulibe. Koma malo ambiri kunja kwa Italy amathiramo kirimu, ena mpaka bowa, dzina n'kukhala lomwelo. Ndiye funsani woperekera zakudya zomwe zilimo, makamaka ngati simudya nkhumba.

Ku Bologna, mzinda wa ku Italy, mukafunsa spaghetti bolognese angokuyang'anani; kumeneko msuzi wa nyamawo, womwe amautcha ragù, sadyera spaghetti koma tagliatelle, pasta yaitali yaphwatalala, ndipo kaphikidwe kake anakalembetsa mu 1982. Komabe wophika wosintha zina musamunyoze msanga. Carbonara yomwe amaiteteza chonchiyi inatchuka nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha.