Musanakweze katundu mu lole, funsani za inshuwalansi

Mu Zomba muno anthu amasamukasamuka. Asilikali a ku Cobbe Barracks, apolisi, aphunzitsi, anamwino ndi ogwira ntchito ku yunivesite amalandira kalata yowasamutsa nthawi ina iliyonse, pomwe ena amangochoka ku Chikanda kupita ku Matawale kapena ku Chinamwali chifukwa lendi yakwera. Onsewa amapita kukakambirana mtengo ndi mwini lole, ndipo ambiri akaona chiphaso cha inshuwalansi chomata pagalasi, mtima umakhala m'malo. Abale anga, chiphaso chimenecho si cha katundu wanu.

Malamulo a pamsewu amakakamiza galimoto iliyonse kukhala ndi inshuwalansi ya third party. Ntchito yake ndi kulipira anthu ena amene galimotoyo yawavulaza kapena kuwaonongera chuma pamsewu. Firiji yanu, sofa, kanema ndi makina osokera zimene zili kumbuyo kwa loleyo sizilowamo. Ngakhale mwini wake atakhala ndi ija amati comprehensive, imangoonjezerapo kukonza galimoto yake, osati katundu wanu. Lole ikagubuduzika pa msewu wa M3 popita ku Blantyre kapena ku Liwonde, iye adzathandizidwa, inu n'kutsala mukutola zidutswa.

Imene imateteza katundu ali paulendo imatchedwa goods in transit. Makampani ena osamutsa anthu amakhala nayo kale, choncho afunseni, ndipo musakhutire ndi yankho lapakamwa. Akuonetseni pepala, muwerenge ngati nthawi yake sinathe, ndalama zimene imalekezera pa ulendo umodzi, komanso ngati imalola katundu wa m'nyumba wogwiritsidwa kale ntchito. Ngati mwatenga lole ya matola, ganizani kuti palibe chilichonse, mukagule nokha ya ulendo umodzi ku kampani ngati NICO General, Britam, General Alliance kapena Reunion, kaya kudzera kwa ajenti wovomerezeka. Amene muli kale ndi inshuwalansi ya katundu wa m'nyumba, dziwani kuti nthawi zambiri imagwira ntchito pa nyumba yolembedwa papepalapo. Auzeni a inshuwalansiyo musanasamuke, alembe nyumba yatsopano, ndipo muwafunse ngati za panjira zilimo.

Pamene anthu ambiri amalirira ndi pa mtengo umene analemba. Lembani chinthu chilichonse pachokha, ndi mtengo wake wa lero, osati umene munagulira. Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo firiji imene munagula 2021 simungaipezenso pa mtengo womwe uja. Ena amachepetsa dala mtengo kuti alipire zochepa. Chimene sadziwa n'chakuti a inshuwalansi nawonso amachepetsa malipiro molingana. Tiyerekeze kuti katundu wanu yense ndi wa K6 miliyoni, inu n'kulemba K3 miliyoni. Zinthu za K1 miliyoni zikaonongeka, adzakupatsani theka, K500,000, chifukwa munateteza theka lokha. Pamenepo adzachotsaponso gawo limene mwini katundu amadzilipirira yekha, lomwe amati excess. Funsani kuti ndi zingati musanasaine. Zimandimvetsa chisoni kuona banja limene linasonkhanitsa katundu zaka khumi likulandira ndalama yosakwana ngakhale matiresi awiri, chonsecho linalipira inshuwalansi.

Mukamalemba mndandandawo, jambulani chilichonse ndi foni, kuphatikizapo manambala a kuseri kwa kanema, kompyuta ndi firiji. Malisiti amene mukadali nawo akhale m'chikwama chanu.

Werenganinso zimene salipira. Kawirikawiri ndalama, zibangili ndi mapepala ofunika sizilowamo, ndiye satifiketi ya MANEB, mapepala a malo ndi pasipoti nyamulani nokha. Mbale ndi magalasi zimene mwalongedza nokha m'makatoni, makampani ambiri amakana kulipira zikasweka popanda ngozi ya galimoto. Katundu wobedwa lole itasiyidwa yokha usiku amavutanso. Koma kwa ife a kuno, nkhani yaikulu ndi mvula. Kuyambira Novembala mpaka Epulo, mitambo ikatsika m'phiri la Zomba mvula sichedwa, ndipo katundu wonyowa mu lole yapululu yopanda lona ndi wovuta kumudandaulira. Unikani lonayo nokha, muone ngati ilibe mabowo, asanayambe kukweza. M'misewu yotsetsereka ya kumtunda kwa tauni, zingwe zikhale zokwanira.

Ofesi ikamasamuka, inshuwalansi ingathe kukugulirani kompyuta ina, koma zimene zinali m'kati mwake sizibwerera. Koperani zonse pamalo ena tsiku lisanafike, ndipo pakhale munthu mmodzi wosainirana ndi dalaivala pokweza ndi potsitsa.

Funsaninso ngati chitetezocho chimayamba pamene aganyu akunyamula katundu m'nyumba, kapena pokhapokha akalowa mu lole. Zinthu zambiri zimathyoka pakhomo ndi pamasitepe.

Ngozi ikachitika, jambulani zonse musanasunthe kanthu. Ngati ndi ngozi ya pamsewu kapena kuba, katengeni lipoti la apolisi ku siteshoni yapafupi. Dziwitsani kampani ya inshuwalansi tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake, chifukwa pepala lililonse limakhala ndi masiku ake operekera dandaulo. Zoonongekazo musataye kapena kukonzetsa wowunika wa kampani asanazione. Polandira katundu, musasaine kuti zonse zafika bwino musanatsegule makatoni. Lembani pomwepo chimene chasweka kapena chasowa, dalaivala asainenso. Kampani ikakana kulipira popanda chifukwa chomveka, ipempheni ikulembereni kalata yofotokoza, kenako katuleni dandaulo ku Reserve Bank of Malawi, kumene kuli ofesi yoyang'anira makampani a inshuwalansi. Popita kumeneko tengani kalatayo, pepala la inshuwalansi, mndandanda wa katundu, zithunzi ndi lipoti la apolisi.