Mmene mungachepetsere mtovu m'madzi akumwa a pampopi

Mtovu, chitsulo chapoizoni chomwe pa Chingerezi amati lead, suoneka m'madzi, sununkha, ndipo lilime silingaumve. Madzi oyera mbee akhoza kukhala nawo. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linaika malire a mamaikulogalamu 10 pa lita imodzi (maikulogalamu ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a galamu), komabe ngakhale wochepa umasokoneza kukula kwa ubongo wa ana osakwana zaka 6 ndi omwe adakali m'mimba.

Kawirikawiri madzi amautengera pafupi ndi nyumba kapena m'nyumba momwemo: m'mapaipi akale amtovu, mu solder womatira mapaipi akopa, ndi m'mipopi ya brass, chitsulo chachikasu chija. Akagona m'paipi maola ambiri amanyambita zitsulozi, ndipo madzi otentha kapena a asidi pang'ono, monga amvula, amanyambita msanga. Ku Flint m'dziko la America, mu 2014, akuluakulu anayamba kutunga madzi mumtsinje wa Flint osathiramo mankhwala oteteza mapaipi, mtovu wa m'mapaipi n'kufika m'makapu a anthu.

Yambani ndi paipi yolowetsa madzi m'nyumba. Ikandeni pang'ono ndi kiyi. Yamtovu imakhala yotuwa ndi yofewa, pokandapo pamawala ngati siliva, ndipo maginito samatirira. Ikagwira maginito ndi yachitsulo, ikakhala yofiirira ndi yakopa. Amene muli ku Britain m'nyumba zomangidwa chisanafike 1970, musanyozere zimenezi.

Ngati mukukayika, madzi amene agona usiku wonse, kapena maola 6 kupita m'tsogolo, musamwe. Tsekulani mpopi wa madzi ozizira kwa mphindi ziwiri, kapena mpaka muwamve kuti azizira kuposa poyamba. Paipi ikakhala yaitali, onjezani nthawi. Oyambawo tungirani m'chidebe, mukolopere kapena muchapire. Akumwa, a nsima, a phala, ndi osungunulira mkaka wa m'chitini azichokera kumpopi wozizira basi, osati wa giza.

Apa ndi pomwe ambiri amasochera: kuwiritsa sikuchotsa mtovu. Nthunzi imapita, mtovu n'kutsala m'madzi ochepawo, choncho umachulukirako. Klorini nayenso amapha tizilombo ta kolera koma mtovu sauchotsa. Sefa yodalirika ndi yolembedwa chizindikiro choti inayezedwa cha NSF/ANSI 53 yotchula lead, kapena ya reverse osmosis (yokankha madzi kudzera m'kachikopa kosefa) ya NSF/ANSI 58. Kansalu kosefera kapena sefa yongokometsa madzi sizithandiza, ndipo katiriji (chosefera cha m'kati mwa sefa) yopitirira nthawi yake imasiya kugwira ntchito mwakachetechete. Kasefa ka kukamwa kwa mpopi muzikamasula miyezi ingapo iliyonse n'kukatsuka, chifukwa kamasunga tizibenthu ta solder.

Chotsimikizira ndi labotale yokha. Funsani a bodi ya madzi kapena bungwe loona za miyezo kwanuko kumene angayeze zitsulo m'madzi, ndipo mutenge botolo lawo. Tungani lita imodzi m'mawa wina aliyense asanatsekule mpopi, kenako ina madzi atayenda mphindi zingapo. Botolo loyamba lokha likapezeka ndi mtovu wambiri, vuto lili pampopi kapena mapaipi apafupi. Onse awiri akapezeka nawo wambiri, kayikirani paipi yochokera kumsewu kapena gwero lenilenilo.

Posintha paipi yamtovu, chotsani yonse. Kudula theka n'kulumikiza yakopa kumagwedeza zokakamira za m'kati, komanso zitsulo ziwirizi zikakhudzana mtovu umadyeka msanga, moti madzi akhoza kuipiraipira kwa miyezi. Muuzeni pulambala agule solder ndi mipopi yolembedwa lead-free (yopanda mtovu), ndipo ntchito ikatha madzi ayende kaye nthawi yaitali kasefa katachotsedwa.

Okolola madzi amvula tayani oyamba otsuka denga, makamaka ngati malata ndi opentedwa penti yakale, ndipo musasungire madzi m'diramu yomwe munali penti. Ngati mwana wakhala akumwa madzi amene apezeka ndi mtovu, pemphani kuchipatala amuyeze magazi, popeza ana ambiri saonetsa chizindikiro chilichonse.