Musanakumbe ngalande, dziwani kumene madzi akathire

Pa Nchalo, Ngabu, Bangula ndi pa boma la Nsanje, mvula ya maola ochepa imatha kusandutsa msika dziwe. Malo athu kuno ku chigwa cha Shire ndi a thyathyathya, ndipo dothi la makande likangokhuta silimwanso madzi. Ndiye aliyense amatenga khasu, n'kukumba kangalande kothamangitsira madzi kwa mnansi wake. Vuto silinathe pamenepo, langosamuka.

Ngalande iyambire kumathero. Komiti ya msika, mafumu ndi a khonsolo ayende limodzi tsiku limene mvula yagwa kwambiri, atsate madziwo ndi mapazi mpaka pamene akuima okha. Mzere wa matope pakhoma la golosale ndi majumbo okodwa pampanda amakuuzani pomwe madzi anafika. Funsaninso akuluakulu, amadziwa pamene panali khwawa nyumba zisanamangidwe. Malo otsika amenewo alembedwe, ndipo asagawidwenso ngati mapuloti.

Dambo ndiye nkhokwe yeniyeni ya madzi. Elephant Marsh, yomwe inalowa m'kaundula wa Ramsar wa madambo ofunika padziko lonse mu 2017, imagwira ntchito imeneyi: mtsinje wa Ruo ukadzaza n'kutsekereza Shire pa Chiromo, madzi amabwerera n'kufalikira m'dambomo. Kadambo ka kuseri kwa msika kamachita zomwezo, mochepa. Bango ndi gumbwa zimachepetsa liwiro la madzi, mchenga n'kutsalira pansi. Zimandiwawa ndikaona dambo lotere likukwiriridwa ndi zinyalala kuti pamangidwe sitolo, chifukwa madziwo adzafunabe pokhala, ndipo adzalowa m'nyumba za anthu.

Pomwe palibe dambo, kumbani dziwe lotakata koma losaya, la m'mbali motsetsereka pang'onopang'ono kuti mwana kapena mbuzi ikagweramo ituluke. Polowera madzi pakhale kadzenje kogwira mchenga. Potulukira pakhale paipi yaing'ono pansi, yotulutsa madzi pang'onopang'ono, komanso njira yotakata pamwamba yoyalidwa miyala, yodutsa madzi osefukira. Dziwe lizikhala litaphwa pakatha masiku awiri kapena atatu. Likasunga madzi sabata yathunthu mwaweta udzudzu, ndipo malungo ndi likodzo kuno tikuzidziwa. M'mphepete dzalani udzu wa vetiva, ndipo zimbudzi ndi mijigo zitalikire.

Tisanamizane: dziwe silingaimitse madzi ngati a mu Januwale 2015, a namondwe wa Ana mu 2022 kapena Freddy mu 2023. Chenjezo likabwera, thawirani kumtunda. Ntchito ya dziwe ndi mvula ya chaka ndi chaka, ija imanyowetsa matumba a chimanga ndi kugwetsa makoma a zidina.

Mu Seputembala ndi Okutobala chotsani mchenga m'maiwe ndi m'makalavati. Mchengawo muutaye kutali, osati kuuunjika pamphepete, chifukwa mvula yoyamba idzaubwezeramo.