Momwe mungajambulire pakhoma ngati akatswiri a ku Kerala

Zojambula za m'makachisi a Chihindu ndi m'nyumba zachifumu ku Kerala, kummwera kwa India, zimadalira mitundu isanu yokha: wachikasu, wofiira, wobiriwira, wakuda ndi woyera. Mukalowa ku Mattancherry Palace ku Kochi, nyumba imene Apwitikizi anamangira mfumu ya kumeneko cha m'ma 1555, mupeza Ramayana, nkhani yakale ya Ahindu yonena za mulungu Rama, itayalidwa pakhoma ndi mitundu yomweyi. Lusoli linatsala pang'ono kufa, koma kachisi wa m'tauni ya Guruvayur ku Kerala komweko atapsa mu 1970 anthu anadzidzimuka, ndipo mu 1989 anatsegula sukulu ya lusoli m'tauniyo. Ine ndinaphunzira kwa bambo wina wachikulire ndili pasukulu ku Kerala.

Yambani ndi khoma, chifukwa ntchito yonse yagona pamenepo. Pulasitala wake ndi wa laimu ndi mchenga wosefa. Akauma, sungunulani laimu wina, mumusefe pansalu, mumusakanize ndi madzi a kokonati yanthete mpaka akhale wamadzimadzi ngati mkaka wa ng'ombe. Pakani kopyapyala, ulendo uno mopingasa, ulendo winawo chotsitsa, ndipo muzidikira kuti paume musanabwereze. Mubwereza maulendo oposa 25.

Apa ndi pamene ndinalira. Masiku anali atandithera, ndiye ndinaganiza zolimbitsa laimu ngati phala kuti ndipake kakhumi kokha. Komanso ndinagula laimu wotchipa pasitolo ina, mwini wake atandilumbirira kuti ndi wa zigoba za m'nyanja, chonsecho anamuthira choko. Khoma linayera bwino, ndinajambulapo Ganesha, mulungu wa Ahindu wa mutu wa njovu, kwa masabata atatu, msana ukuwawa. M'mawa wina ndinapeza ming'alu paliponse, ngati dambo mwezi wa Okutobala. Nditakhudza ndi chala, chitamba chonse chinamatuka n'kugwera pansi. Aphunzitsi anatola kachibenthu, anakafikisa m'manja, n'kungoti, "Mwanangu, yambiranso." Zinandiwawa mumtima, ndipo mpaka lero sindigula laimu osamuyesa. Laimu wootcha weniweni amatentha ndi kubwata mukamuthira madzi, choncho samalani maso ndi manja. Amakwera mtengo, inde, koma wotchipayo mudzamugula kawiri. Khoma likatha, lisisiteni ndi chikhatho: likasiya ufa woyera m'manja, silinakonzeke.

Utoto wachikasu ndi wofiira umachokera ku miyala yofewa, yonga katondo wathu uja. Iperani pamphero, thirani madzi, mchenga ukhale pansi, tsanulani zapamwambazo, kenako bwerezani mpaka pasamveke kokhakhala pakati pa zala. Ogulitsa ena amathira utoto wa m'fakitale muufawu kuti uziwala, ndiye ukawala kwambiri muukayikire. Wobiriwira amaupanga posakaniza utoto wabuluu wochokera ku masamba a chomera cha indigo ndi wachikasu. Wakuda ndi mwaye: yatsani nyali ya mafuta a chitowe, vundikirani kamphika kadothi pamwamba, mupale m'kati mwake. Chomatira utoto wonse ndi utomoni wa mtengo wa nimu. Woyera simupaka ayi, ndi khoma lenilenilo, ndiye malo a mikanda ndi mano muwasiye osakhudza kuyambira pachiyambi.

Burashi ya mizere yopyapyala amaimanga ndi udzu wina wa kumeneko, koma ya kusitolo yosongoka bwino imagwira ntchito.

Lembani chithunzi chonse ndi wachikasu wochepa mphamvu, mudutsenso ndi wofiira. Dzazani mitundu kuyambira yowala: wachikasu, wofiira, kenako wobiriwira, umene ndi khungu la olungama monga Rama. Mthunzi umabwera ndi timadontho ting'onoting'ono kapena kupaka kopyapyala kangapo. Mizere yakuda imadza pomaliza.

Maso ndiwo omalizira penipeni. M'kachisi amachitira mwambo wake, chifukwa amakhulupirira kuti pamenepo mulunguyo wayamba kuona.